MAKWERERO A CILINDO: MAU KWA ALIMI A KWA MLOLO

Mlimi ali yense wa m'dziko la Mfumu Mlolo adziwa kuti nchito ya m'munda siithera pa kupalira ndi kubandira. Cimanga cikamasula ngaiyaye ndi kuyamba kubereka, ndipo nsawa za Chalimbana zikayamba kukhwima pansi, pamafika alendo amene sanagwire khasu. Masana kumadza anyani ndi apusi. Usiku kumadza nguluwe ndi nungu, ndiponso agwape ndi mbawala zimene zimabudula nsonga za nyemba, khobwe ndi mbatata. Minda ya pafupi ndi midzi ikuluikulu, ndi ya m'mbali mwa mseu wocokera ku Katete kunka ku Chanida, siibvutika kwambiri masiku ano, pakuti chire lacepa. Koma iwo amene alima m'tsinde mwa mapiri, m'mphepete mwa madambo, kapena kufupi ndi malire a Mozambique, acidziwa cimene gulu la nguluwe licita pa usiku umodzi wokha.

Cifukwa cace makolo athu anatisiyira nzeru ya cilindo. Ici ndi nsanja yoimikidwa pa mphanda zazitali, yofolera ndi udzu, pamene mlonda akhala pamwamba pa cimanga naona munda wonse. Ambiri adziwa kumanga nsanja yabwino. Asankha mphanda zolimba, ayala mitanda, afolera bwino kuti mvula isawabvumbe. Koma pofika pa makwerero atopa kale; angotola timitengo tiri tonse, namanga ndi luzi lotsala, nati, "Bola ndikwere." M'kabuku kano tifuna kunena za makwerero okha, cifukwa ndipo pamene alonda ambiri apezera tsoka.

CIMENE CINAGWERA AMALUME

Ine wolemba mau ano ndinaona cinthu ici pa mudzi wathu ndikali pa sukulu. Amalume anali ndi munda wa cimanga ndi nsawa m'tsinde mwa phiri, ndipo cilindo cao cinali cochuka: mphanda zisanu ndi imodzi za muwanga, denga losadontha. Makwerero ace anali a caka catha, omanga ndi luzi la mombo. Usiku wina m'mwezi wa March, mvula itangokata, anamva nguluwe zikuthyola cimanga kumunsi kwa munda. Anatenga nkhwangwa m'dzanja limodzi nayamba kutsika mofulumira, msana atalozetsa ku makwerero monga munthu wotsika pa khonde. Copondapo caciwiri cocokera pamwamba cinapulumuka, pakuti luzi lace linali litaola mkati ngakhale kunja linali kuoneka labwino. Anagwa nathyoka pfupa la m'nchafu, nagona m'matope mpaka m'mawa, pamene akazi ao anawapeza.

Anawanyamula pa ngolo ya ng'ombe kunka nao ku cipatala, ndipo anatha miyezi itatu asanaponde pansi. Nguluwe zinaona kuti m'munda mulibe munthu, ndipo zinabwera usiku ndi usiku. Caka cimeneco nkhokwe yao siinafike ndi pakati pomwe, ndipo mbuzi zao zinathera kugula cimanga. Nditapita kukawazonda anati kwa ine, "Iwe mphwanga, cilindo ndinamanga masiku asanu, koma makwerero sindinawapatse ngakhale theka la tsiku. Taona tsono amene andigoneka pano." Cilindo cija cinaima nji zaka zina ziwiri, copanda wokweramo.

Tsoka lotere sililinda dziko lathu lokha. Ku America ndi ku Germany alenje amamanga nsanja zao m'mitengo ndi m'mphepete mwa nkhalango, podikira nyama zofanana ndi mbawala zathu. Madokotala a m'zigawo zina za America apeza kuti alenje obwera ku cipatala atagwa pa nsanja acuruka koposa obwera ataomberedwa ndi mfuti, ndi kuti ambiri amagwa pokwera kapena potsika. Munthu wogwa kucokera pa mapazi 10 afika pansi isanathe sekondi imodzi, pa liwiro loposa makilomita 25 pa ola. Palibe nthawi yakugwira kanthu. Kupulumuka kwace kuli m'nchito imene anaicita miyezi ya m'mbuyo, pamene anali kusema mitengo.

MALO NDI MSINKHU WA NSANJA

Musanaganize za makwerero, yambani mwaona pamene nsanja idzaima. Sankhani malo okwera ndi ouma, pamene madzi sakhalitsa. Pa culu pamaoneka pabwino cifukwa mpokwera, koma kumbukirani kuti mwini culu ndi ciswe, ndipo mitengo yanu adzailandira ngati ndiwo. Mbali imene padzakhala makwerero ikhale yosalala, yopanda zitsa, miyala yosongoka kapena mizere. Anthu ambiri abvulala koopsa cifukwa ca cimene anagwerapo, ngakhale msinkhu unali wocepa.

Nsanja isatalike koposa muyeso. Mapazi 8 kufikira 10, ndiwo mamita awiri ndi theka kufikira atatu, akwanira kuti mlonda aone pamwamba pa cimanga ca makolo. Kuonjeza pamenepo sikuonjeza maso, koma kungokulitsa ngozi, ndi kupatsa mphepo mphamvu yogwedeza cilindo. Pa nsanja mangani mpanda wa mitengo wofika m'cuuno mbali zonse, kusiya khomo limodzi lokha la makwerero. Munthu wosinza amagubuduka osadziwa.

KUSANKHA MITENGO

Mitengo idulidwe m'cilimwe, August kapena September, pamene nchito ya khasu siinayambe. Isendeni makungwa tsiku lomwelo, ndi kuigoneka pa mthunzi, pamwamba pa miyala, kuti iume pang'ono-pang'ono. Mtengo wauwisi umafota pouma. Cingwe cimene munamanga colimba cimayamba kukhwepa, ndi msomali umagwedera. Mtengo wosiyidwa ndi makungwa umasunga cinyezi ndi tizirombo, ndipo khungwa lonyowa limasupuka pansi pa phazi.

Mitengo yabwino ndi iyi: muwanga, umene ciswe ciulephera zaka zambiri, naphini, umene umaongoka bwino ndi kukhalitsa m'nthaka, ndi mkalati. Bulugamu ngwoongoka ndi wamphamvu, koma ciswe cimaudya ku tsinde ngati simunauteteze. Mombo ndi mtondo itipatsa luzi labwino, koma mitengo yace imafumbwa msanga. Mkuyu, mfula ndi malaina njofewa, siyenera kusenza munthu. Nsungwi ndi zabwino poyala pansi pa nsanja, koma zimang'ambika mukazikhomera msomali. Msuku muusiye ubale masuku, ndi mlombwa muusiyire amisiri a matabwa. Musanadule, pemphani kwa anyakwawa, ndipo m'nkhalango zosungidwa ndi Boma musadulemo kanthu popanda cilolezo.

Mufunika mitengo iwiri yaitali ya m'mbali, yoongoka, yopanda mfundo zazikulu kapena ming'alu, yonenepa mainchi 4, ndi kunsonga kwace kosacepera mainchi 3. Mufunikanso zopondapo, ciri conse cotalika mapazi 2 ndi conenepa mainchi 2, cakuti dzanja lanu lingacizungulire bwino. Copondapo ciri conse muciyese cisanakwere: cigonekeni pa miyala iwiri, muime pakati pace ndi kudumpha pang'ono. Cikalira kapena kupindika, cipite ku nkhuni. Kuli bwino cithyokere pansi pano.

MIYESO

Pali lamulo limodzi limene amisiri omanga nyumba alitsata m'maiko ambiri. Pa mapazi 4 ali onse a msinkhu, tsinde la makwerero litalikire phazi limodzi kucokera pansi pa khomo la nsanja. Nsanja ya mapazi 8 ifuna tsinde litalikire mapazi 2. Ya mapazi 10 ifuna mapazi awiri ndi theka. Makwerero oimirira koposa apa amakankhira munthu cambuyo, kotero kuti kulemera kwace konse kumakhala m'manja. Ogona koposa apa amapindika pakati, ndi tsinde lace limatsetsereka. Ngati mulibe coyesera, citani motere: imani zala za kumapazi zitakhudza tsinde la makwerero, ndipo tambasulani manja kutsogolo molingana ndi mapewa. Zikhato zanu zikafika pa copondapo osawerama ndi osapinda zigongono, mwaimika bwino.

Mitengo ya m'mbali ipitirire pamwamba pa nsanja ndi mapazi 3, ndiyo mita imodzi. Apa ndipo alimi ambiri alakwa, pakuti amadulira makwerero pa mlingo wa nsanja. Tsono munthu pofika pamwamba asowa pogwira, nakwawa ndi mimba. Potsika afunafuna copondapo ndi phazi mu mdima, manja ali pa udzu. Nsonga ziwiri zopitirirazo ndizo ndodo zace. Onjezaninso phazi limodzi lolowa m'nthaka. Motero nsanja ya mapazi 8 ifuna mitengo ya mapazi 13, ndi nsanja ya mapazi 10 ifuna ya mapazi 15.

Pakati pa mitengo iwiriyo pakhale danga la mainchi 16 kufikira 18, kuti mapazi onse awiri akwane pa copondapo cimodzi. Kucokera pa copondapo cina kufika pa cinzace pakhale phazi limodzi, ndiwo masentimita 30, osapitirira. Dulani kamtengo ka muyeso umenewu, ndipo muyesere nako zopondapo zonse. Musayese ndi maso. Usiku phazi siliona. Limangokumbukira danga limene lazolowera, ndipo copondapo cimodzi cikasiyana ndi zinzace, phazi lidzaponda m'malere. Copondapo cotsiriza cilingane ndi pansi pa nsanja.

KAPANGIDWE

Gonekani mitengo iwiri ija pamodzi pa malo osalala, matsinde mbali imodzi, ndi kulemba ndi khala pamene padzakhala copondapo ciri conse, pa mitengo yonse iwiri nthawi imodzi. Pa cizindikiro ciri conse cekani ndi sowo, ndi kugoba ndi chizulo kapena kasemasema, kuti pakhale pogona pa copondapo. Kuya kwace kukhale inchi imodzi, osapitirira gawo limodzi la magawo anai a kunenepa kwa mtengo, pakuti mukagoba kwambiri mwaufoola. Mbali ya kumunsi ya pogonapo ikhale yoceka bwino ngati phewa, kuti copondapo citsamirepo. Semaninso nsonga za copondapo kuti zikhale zaphanthi, zisagubuduke. Pamwamba pace, pamene phazi liponda, palani pang'ono kuti pasakhale pobulungira ndi poterera.

Mugobe mbali imene munthu akwerera, osati kuseri. Copondapo cokhomedwa kuseri cimakankhidwa ndi phazi kucoka pa mtengo, ndipo tsiku ndi tsiku msomali umazuka. Cokhomedwa kutsogolo cimakanikizidwa pa mtengo ndi kulemera kwa munthu yemweyo. Nzeru yonse ya makwerero iri apa: mtengo usenze munthu, ndipo msomali kapena cingwe cingoletsa copondapo kucoka m'malo mwace. Makwerero a amalume analibe pogona. Luzi lokha ndilo linali kusenza munthu.

Khomani misomali iwiri ya mainchi 4 mbali iri yonse, yopendekera kosiyana. Muwanga wouma umapinda misomali ndipo copondapo cimang'ambika kunsonga. Cifukwa cace yambani mwaboola ndi citsulo cotentha coonda kuposa msomali. Pamwamba pa misomali kulungani waya mopingasa, ndi kupotokola kuseri kumene sikudzabaya dzanja. Amene alibe misomali amange ndi waya yekha, kapena ndi cingwe ca khonje copota bwino. Luzi la mombo ligwira nchito ngati mwalibviika ndi kumanga likali lonyowa, pakuti limakoka pouma. Koma moyo wace ndi dzinja limodzi, ndipo caka cinzace licotsedwe lonse ngakhale lioneke lamoyo. Malegeni amatamuka ndi kuduka ndi dzuwa. Asakhale okha pa copondapo.

Kuseri kwa makwerero khomani mtengo umodzi woonda mopingasa, kucokera ku tsinde la mbali ina kufika capamwamba pa mbali inzace. Umenewu uletsa makwerero kupendekera uku ndi uku. Potsiriza wauleni pa moto matsinde onse awiri, mapazi awiri kucokera pansi, mpaka kunja kutada ngati khala, ndipo apakeni oilo wakuda wotsala m'galimoto ngati mungampeze. Izi zicedwetsa ciswe ndi kuola. Zopondapo musazipake oilo.

KUIMIKA

Mutu umodzi susenza denga. Makwerero a muwanga ndi olemera. Itanani mnzanu, wina akhale pa nsanja ndi cingwe, wina pansi. Kumbani maenje awiri akuya phazi limodzi, ndi kuika mwala waphanthi pansi pa dzenje liri lonse, kuti mvula ikafewetsa nthaka mbali imodzi isatitimire. Tsirani miyala ing'onoing'ono ndi dothi, ndi kutsindira ndi munsi. Imani patali muone ngati zopondapo zagona molingana; makwerero opendekera mbali imodzi amaponyera munthu mbali yomweyo.

Pamwamba mangani mitengo yonse iwiri ku mtanda waukulu wa nsanja ndi waya wopinda kawiri. Musamangirire ku nsungwi zoyala pansi kapena ku mpanda. Ena amakonda makwerero ocotsa, kuti akakwera aziwakokera pamwamba poopa zirombo. Nguluwe siikwera makwerero. Makwerero osamanga ndiwo amene amatsetsereka, kapena kugwa ndi mphepo nasiya munthu m'mwamba.

MAKWERERO A ACIKULIRE

M'midzi yambiri amene alinda minda ndi nkhalamba ndi amai, pakuti anyamata ali ku sukulu kapena ku nchito ku Chipata ndi ku Lusaka. Kwa otere kuli bwino kupanga makwerero ogona, onga a pa khonde la sitolo. Pa nsanja ya mapazi 8, tsinde litalikire mapazi 6. Pamenepo utali wa mitengo kucokera pa nthaka kufika pa nsanja udzakhala mapazi 10 ndendende. Lembani phazi limodzi-limodzi motsata mtengo, ndipo mudzapeza zopondapo 10. Zimenezi zikhale za matabwa, kapena za mitengo yong'amba pakati, zotambalala mainchi 5 kapena 6, mbali yaphanthi kumwamba, ndipo mugobe pogona pace motero kuti thabwa ligone cathyathyathya makwerero ataimikidwa.

Popeza makwerero otere agona, kulemera kwa munthu kumagwera pakati pa mitengo. Cifukwa cace zikani mphanda ziwiri pansi pace, pakati-kati, ndi mtanda wocirikiza. Mbali imodzi, kapena zonse ziwiri, mangani mtengo wogwirira wofika m'cuuno, wopala bwino kuti usalase. Adya mitengo yambiri ndi tsiku lina lanchito, koma munthu wa maondo obvuta adzakwera ndi kutsika dzinja lonse popanda mantha.

KAKWEREDWE

Makwerero abwino sapulumutsa munthu wosasamala. Pokwera ndi potsika nkhope iyang'ane ku makwerero. Nthawi zonse ziwalo zitatu zikhale zogwira: manja awiri ndi phazi limodzi, kapena mapazi awiri ndi dzanja limodzi. Kutero sikutheka ngati m'manja muli nkhwangwa, mkondo kapena mbale ya nsima. Mangirirani cingwe pa mpanda wa nsanja, ndipo katundu yense mumkoke nco mutakhala kale pamwamba. Potsika ayambe ndiye kutsika. Amene ali ndi mfuti yolembetsa asakwere nayo yodzaza, ndipo poikoka kamwa lace liloze pansi.

Palani matope ku mapazi musanaponde. Phazi lopanda nsapato limagwira bwino koposa patapata kapena jombo zamatope. Munthu mmodzi yekha akhale pa makwerero nthawi imodzi. Mukadzidzimuka ndi phokoso la nguluwe, musathamangire kutsika. Yambani mwapfuula, imbani citini, unikani tochi. Kawiri-kawiri zithawa inu muli pamwamba pomwepo. Ndiponso nguluwe yobvulazidwa, kapena yokhala ndi ana, ndi yoopsa kwa munthu woima pansi mu mdima. Za mowa sitinena zambiri: wakumwa kacasu agone kumudzi.

Moto wa pa nsanja ukhale pa phale kapena pa dothi lokhuthala, kutali ndi khomo ndi udzu, cifukwa munthu wothawa moto sawerenga zopondapo. Mukamva mabingu akuyandikira tsikani msanga, mvula isanayambe. Mphezi imakonda cinthu cacitali coima cokha pakati pa munda. Pacikani ukonde wa udzudzu, pakuti miyezi yolinda ndiyo miyezi ya malungo, ndipo munthu wa cizungulire sayenera kukwera. Ana amene apirikitsa anyani masana aphunzitsidwe zonsezi, ndipo ang'ono-ang'ono asakwere okha.

KUYANG'ANIRA

Cakudza siciimba ng'oma. Ciswe cimadya mtengo mkati ndi kusiya kunja kuli gwa. Sabata iri yonse, masana, gogodani matsinde ndi cipumi ca nkhwangwa. Mtengo wamoyo umalira mouma, wodyeka umalira ngati mphako. Fukulani dothi pang'ono ndi kubaya ndi mpeni pamene mtengo ukomana ndi nthaka, pakuti kuola kumayambira pamenepo. Mukaona mizere ya dothi ikukwera pa mtengo, ciswe cafika. Gwedezani copondapo ciri conse ndi dzanja. Cimene cagwedera cikonzedwe tsiku lomwelo. Musanene kuti ndidzacilumpha, cifukwa usiku mudzaiwala. Palani ndere zobiriwira zimene zimamera pa mitengo m'January ndi February. Mukatha kukolola, masulani makwerero ndi kuwasunga pa mthunzi, pamwamba pa miyala, ndipo muwayesenso musanawaimike caka cinzace.

MUNTHU AKAGWA

Mlonda asapite kumunda osauza a kunyumba, ndipo ngati kuli kotheka akhale ndi foni kapena wenzulo m'thumba. Alimi a minda yoyandikana apangane kuitanizana usiku. Mukapeza munthu atagwa, musamdzutse mofulumira. Mfunseni pamene pakupweteka, ndi ngati akumva mapazi ace. Akadandaula khosi kapena msana, kapena miyendo ikacita dzanzi, musampinde ndi kumkhazika pa njinga, pakuti mungamlemaze moyo wace wonse. Tengani citseko, anthu anai amsunthirepo pamodzi, mmodzi atagwira mutu kuti usatembenuke. Mwendo wothyoka muumangirire ku mitengo iwiri yoongoka musanamnyamule, ndipo musaukoke kapena kutemera mphini. Pocucha mwazi kanikizani ndi nsaru yoyera. Pitani naye msanga ku cipatala ca pafupi. Obvulala kwambiri atumizidwa ku zipatala zazikulu, monga ca ku Chadiza kapena ca St Francis ku Katete. Amene anagunda mutu nakomoka, ngakhale atsitsimuke nayenda, apitenso akamuone.

ZA LAMULO LA NYAMA

Cilindo ncolindira mbeu. Kale, dziko lisanalandire ufulu m'caka ca 1964, nguluwe ndi anyani zinali kuwerengedwa ngati zirombo zoononga, ndipo akuluakulu akumbukira masiku amene mlenje anali kudikira nyama pa nsanja popanda womfunsa zambiri. Lero zinthu zinasintha. Monga mwa lamulo la nyama za m'chire la caka ca 2015, nyama zonse za m'chire ziri m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa dziko lonse, ndipo kuyambira 2016 oziyang'anira ndi a Department of National Parks and Wildlife, amene analowa m'malo mwa ZAWA. Kusaka mbawala, gwape kapena nguluwe popanda cilolezo ndi mlandu. Kuchera makhwekhwe a waya ndi kuika poizoni nkoletsedwa, ndipo mfuti iri yonse, ngakhale ya gogodela, ifuna cilolezo cace. Lamulo lipatsa munthu danga lakuteteza moyo wace ndi mbeu zace, koma wakupha nyama motero ayenera kukanena msanga kwa oyang'anira nyama, ndipo nyamayo siikhala yace cifukwa waipha. Zirombo zikacuruka, uzani anyakwawa ndi alangizi a zaulimi kuti mau afike ku Boma.

MAU OTSIRIZA

Akuluakulu anati, konza kapansi kuti kam'mwamba katsike. Mlimi amene agona m'cilindo kuyambira February kufikira pokolola akwera ndi kutsika makwerero ace nthawi mazana angapo, ndipo zambiri za nthawi zimenezo kuli mdima, mitengo iri yonyowa, ndi maso ali ndi tulo. Mtengo wace wa makwerero abwino ndi mitengo iwiri, zopondapo khumi, misomali ya dzanja limodzi, waya pang'ono, ndi tsiku limodzi lanchito m'cilimwe. Mtengo wa makwerero oipa amalume anaulipira ndi miyezi itatu ya pa mphasa, mbuzi zao, ndi cimanga ca caka cathunthu.

Tsono inu alimi a kwa Mlolo, musadikire kuti nguluwe ziyambe zalawa. Pitani masana mukaone makwerero amene munasiya m'munda caka catha. Agogodeni, agwedezeni, ndipo ngati mukayika nao, awazeni nkhuni ndi kusema ena. Amene atha kuwerenga awerengere anzao mau awa pa bwalo.